Kodi chikondi chathu cha zisudzo tidachisiya pa Chileka?

Abale ndi alongo, mamembala a bungwe lathu kuno ku Britain, tiloleni tilankhule mosapsatira mawu, pakuti nkhani yomwe tabwera nayoyi ikutikhudza tonse, kuphatikizapo ife amene tikulemba. Chilimwe chafikanso. Pamene abale athu ku Dedza ndi ku Mzimba akuotha moto ndi kufunda mabulangete awiriawiri m'miyezi ya June ndi July, kuno dzuwa likulowa nthawi itapitirira 9 koloko usiku, ndipo mizinda yatulutsira panja zisudzo, nyimbo ndi magule. Koma mukayenda m'malo amenewa Loweruka masana n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi, n'chapatali kuti mukumane ndi Mmalawi. Tili kuti? Ena tili ku shifiti, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma ambiri tili kuseri kwa nyumba ya mnzathu, tazungulira mbaula ya kanyenya, tikutsutsana za ndale za ku Lilongwe zomwe tidatsutsananso Loweruka lapitalo, ana ali m'chipinda maso ali pa foni.

Tisamvane molakwika. Kanyenya si tchimo, ndipo kucheza kwa abale m'dziko la eni ndi mankhwala a mtima. Chomwe chikutiwawa n'chakuti tasiya khalidwe lomwe tidakula nalo, lija lovala bwino, kulipira pakhomo ndi kukakhala pansi kuonera anthu amoyo akuchita sewero pamaso pathu. Talisiya mwakachetechete, ndipo tapeza zifukwa zitatu zophimbira ulesi wathu: akuti zisudzo za kuno n'zodula, akuti n'za azungu, akuti nthawi palibe. Zifukwa zimenezi tiziunika chimodzichimodzi, chifukwa zikapanda kutsutsidwa ana athu adzazilandira ngati choonadi.

Poyamba tikumbutsane komwe tidachokera. Amene tidakulira ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikudziwa momwe Lamulungu masana linkakhalira pa French Cultural Centre. Anthu ankachoka ku Ndirande, ku Zingwangwa ndi ku Bangwe, ena wapansi, kukaima pamzere dzuwa likuswa mtengo kuti akaone Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, kapena a Kwathu Drama Group, kapena Izeki ndi Jakobo akutiseketsa mpaka nthiti kupweteka. Malipiro adali ochepa, koma ndalama ya pakhomo inkapezeka. M'masukulu a sekondale mpikisano wa zisudzo wa ATEM unkadzaza maholo. Ophunzira a ku Chancellor College ankanyamula masewero kupita nawo m'madera ndi gulu lawo la Travelling Theatre. Amene adalibe holo pafupi ankazungulira wailesi kumvera Kapalepale.

Masiku amenewo sewero linkayenera kudutsa ku bungwe la boma lounika mabuku ndi zisangalalo, lomwe lidadza ndi lamulo la 1968. Kaamba ka ichi olemba ankabisa mawu m'mikuluwiko ndi m'nthabwala, ndipo ife oonera tidaphunzira kumva zomwe sizidanenedwe. Wosewera akangotsokomola pamalo oyenera, holo yonse inkadziwa yemwe akunenedwa. Tidali oonera akuthwa makutu. Du adatisiya mu 1999, Gertrude Kamkwatira mu 2006, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Chuma chomwe akatswiriwa adatisiyira ndi khutu ndi diso la woonera, ndipo chuma chimenechi ndicho tikuchilekerera kuti chichite dzimbiri.

Amene tidakulira kumudzi nafenso sitidasowe bwalo. Tidaona gule wamkulu, malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, beni wa ku Mangochi, tchopa cha ku Thyolo ndi ku Mulanje, ingoma ya ku Mzimba. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu ndi vimbuza pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Munthu wochokera ku dziko lotere alibe chifukwa choyendera chamutu pansi akamadutsa pakhomo pa nyumba ya zisudzo.

Tsono taonani zomwe zidachitika pakati pathu m'chilimwe chathachi. Achinyamata athu angapo adakonza kasewero ka m'Chichewa, adayeserera kwa milungu yambiri akaweruka kusukulu ndi kuntchito, ndipo adasonkherana okha ndalama ya holo. Sewero lidayenera kuyamba 4 koloko. Pofika 5 koloko m'holomo mudali makolo a osewerawo ndi anthu ena owerengeka pa zala. Ana aja adasewera moyang'anizana ndi mipando yopanda anthu. Koma pofika 9 koloko, zimbale zitayamba kulira ndi mapoto atavundukulidwa, holo yomweyo idadzaza mpaka pakhomo. Ena mwa ife amene tikulemba tidali m'gulu lofika mochedwalo, ndipo manyazi ake tikadali nawo. Mtsikana yemwe adalemba seweroli sadalembenso lina. Mtundu umataya alembi ake motere, mwakachetechete, popanda wowatsekera m'ndende.

Tiyambe ndi dandaulo la mtengo. N'zoona kuti mpando wabwino ku West End ungathe kudya malipiro a tsiku lathunthu, ndipo ku Glyndebourne, komwe anthu amavala ngati akupita ku ukwati kukaonera opera, n'kwa olemera matumba. Koma amene amaima pa mfundo imeneyi sadafunse bwino, ndipo safunsa adadya phula. M'mbali mwa mtsinje wa Thames, chakum'mwera, muli nyumba ya zisudzo ya Shakespeare's Globe, yomwe idatsegulidwa mu 1997 potengera maonekedwe a nyumba yakale ya 1599 yomwe idapsa mu 1613. Ndi yozungulira, yomangidwa ndi matabwa, yofoleredwa ndi bango, ndipo pakati pake palibe denga. Kutsogolo kwa nsanja kuli bwalo loima anthu pafupifupi 700. Kwa zaka zoposa 20 tikiti ya pabwalopo inkagulidwa £5, ndipo ngakhale mitengo yasinthako, ikadali yotsika kuposa ndalama yomwe timamwaza pa makala ndi zakumwa Loweruka limodzi.

Amene sadalowemo tikuwauza kuti malowa ndi bwalo la kwathu lenileni. Oonera amaimirira mozungulira nsanja, osewera amawayang'ana m'maso ndi kuwalankhula, ena amadutsa pakati pa anthu polowa, munthu amaseka ndi kukuwa momasuka, ndege ikadutsa kumwamba wosewera amangokweza mawu, mvula ikagwa sewero limapitirira. Kumapeto osewera onse, ngakhale amene adaphedwa m'nkhanimo, amadzuka n'kuvina gule wotsekera. Kodi Mchewa kapena Mtumbuka angakhale mlendo pamalo otere? Woima pabwalo ndiye amakhala pafupi ndi nsanja kuposa wogula mpando wodula. Chovuta chake n'chimodzi: kuima kwa maola awiri kapena atatu si masewera, choncho agogo ndi ana aang'ono agulireni malo okhala.

Kumadzulo kwa mzindawu, ku Royal Albert Hall, kumakhala zoimbaimba za BBC Proms kuyambira pakati pa July mpaka pakati pa September. Mwambowu udayamba mu 1895 ndi cholinga chakuti munthu wamba amve nyimbo za magulu akuluakulu a zoimbira pamtengo wotsika, ndipo mpaka lero matikiti oimirira amagulitsidwa tsiku lomwelo pa ndalama yosafika £10. Amene amakonda kwaya, ndipo ndife ambiri, akaone pulogalamu n'kusankha usiku womwe kukuimba makwaya. Adzamva mazana a mawu akukwera pamodzi mpaka tsitsi kuima. Ku Regent's Park kuli bwalo la zisudzo lapanja lomwe lakhalapo kuyambira 1932, komwe sewero limayamba kukuwala n'kutha nyenyezi zitatuluka. Ndipo zaulere nazo zilipo. Pabwalo la Covent Garden ochita zodabwitsa, oseketsa ndi oimba amasangalatsa odutsa tsiku lililonse, monga momwe zakhalira kuyambira kale, pakuti Samuel Pepys adalemba kuti adaona sewero la zidole pamalo omwewo mu 1662. Chakumapeto kwa August kum'mawa kwa London kumakhala chikondwerero cha Greenwich+Docklands, chomwe zionetsero zake zambiri zimachitikira panja popanda kulipira. Munthu akanena kuti zonsezi zamukanika chifukwa cha ndalama, vuto lake lili pena.

Dandaulo lachiwiri ndilo likutikwiyitsa kwambiri, lakuti Shakespeare ndi opera n'za azungu. Ambiri mwa ife tidaloweza Macbeth kapena Romeo and Juliet pokonzekera mayeso a Fomu 4, pansi pa nyali ya palafini, osaonako ngakhale kamodzi momwe masewerowo amaonekera pa nsanja. Lero tikukhala ulendo wa ola limodzi kuchoka pomwe akuseweredwa, ndipo tikuti si zathu. Anzathu oyandikana nawo sadaganize chomwecho. Julius Nyerere adamasulira Julius Caesar m'Chiswahili ali mtsogoleri wa dziko. Mu 2012 nyumba ya Globe idaitana magulu a m'maiko osiyanasiyana kudzasewera masewero 37 a Shakespeare m'zilankhulo 37. Anyamata awiri a ku Zimbabwe, Denton Chikura ndi Tonderai Munyevu, adasewera The Two Gentlemen of Verona m'Chishona, awiriwiri basi, akusinthana maudindo onse. A ku Kenya adabwera ndi sewero m'Chiswahili, a ku Nigeria m'Chiyoruba, ndipo a ku South Sudan, dziko lomwe lidali lisadathe n'chaka chomwe chilandirireni ufulu, adabwera ndi Cymbeline m'Chiluya cha ku Juba. Chichewa sichidamveke pa nsanja imeneyo. Mu 2015 Lucian Msamati, yemwe makolo ake ndi a ku Tanzania ndipo adakulira ku Zimbabwe, adakhala munthu wakuda woyamba kusewera Iago ku Royal Shakespeare Company. Palibe adamuuza kuti n'za azungu, kapena ngati adamuuza sadamvere.

Nanga opera n'chiyani choti tiziiopa? Ndi sewero lomwe mawu ake amaimbidwa m'malo molankhulidwa, monga momwe agogo ankaimikira nthano pakati n'kuyambitsa nyimbo, ife n'kumavomera. Nkhani zake n'zomwe timazidziwa: nsanje, ngongole, mwana wokana mwamuna yemwe makolo amusankhira, wantchito wopusitsa bwana wake. Mukuti simumva Chitaliyana? Mngelezi wokhala pambali panu nayenso samva. Nonse mumawerenga mawu omasulira omwe amaoneka pamwamba pa nsanja. M'chilimwe gulu la Opera Holland Park limaimba pansi pa chihema chachikulu m'paki, popanda lamulo la kavalidwe, ndipo ndi malo abwino oyambira.

Komanso nyimbo zimenezi Afirika adazitenga kale n'kuzipanga zake. Kanema wa U-Carmen eKhayelitsha, yemwe adasamutsira opera ya Carmen m'makomboni a ku Cape Town n'kuiimba m'Chixhosa, Pauline Malefane akutsogolera, adapambana mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin mu 2005. Gulu la Isango lidabwera ku London ndi The Magic Flute ya Mozart, yomwe idaimbidwa koyamba mu 1791, koma iwo adaiimba ndi marimba ndi ng'oma, ndipo mu 2008 adalandira mphoto ya Olivier. Mu 2023, pa mwambo wolonga ufumu Charles III ku Westminster Abbey, Pretty Yende wochokera ku tauni yaing'ono ya Piet Retief ku South Africa adaimba yekha pamaso pa dziko lonse. Mtsikana wathu yemwe amatsogolera nyimbo ku tchalitchi Lamulungu ali ndi mmero womwewo. Chomwe akusowa n'kumva kamodzi kokha komwe mawu a munthu angafike popanda chokuzira mawu, ndipo udindo womutengera kumeneko ndi wathu.

Tikamati n'za azungu timakhala tikubisa mantha. Timaopa kuti sitidziwa pomwe tingaombe m'manja, timaopa kuti tikhala akuda okha m'holomo, timaopa kufunsa pomwe pali khomo. Mantha amenewa tikuwamvetsa, chifukwa nafenso tidawamva tsiku loyamba. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna. Zambiri mwa nyumba za zisudzo za m'mizinda yathu zimathandizidwa ndi ndalama za boma ndi za makhonsolo, kutanthauza kuti msonkho womwe umadulidwa pa malipiro athu mwezi ndi mwezi umalowanso mmenemo. Tikulipirira phwando lomwe sitipitako.

Dandaulo lachitatu, la nthawi, ndilo lili ndi mano, ndipo sitilinyoza. Ambiri mwa ife timagwira usiku m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Shifiti ya Loweruka ndiyo imalipira fizi ya mphwathu, feteleza wa amayi ndi bokosi la maliro ogwa mwadzidzidzi. Munthu wochoka ku ntchito 8 koloko m'mawa safuna kumva za Mozart. Zonsezi n'zoona. Koma kuyambira June mpaka August pali Maloweruka 13. Tikupempha awiri okha. Ndipo tiyeni tikhale oona mtima: pa chinkhoswe, pa phwando la tsiku lobadwa ndi pa chikondwerero cha 6 July nthawi imapezeka, shifiti imasinthidwa, ndipo anthu amayendetsa galimoto kuchoka ku Leeds mpaka ku Luton. Munthu amapeza nthawi ya chomwe wachiika pamtima.

Chomwe chili pachiswe ndi ana athu. Mwana aliyense wolemba mayeso a GCSE a mabuku a Chingelezi ku England amayenera kuwerenga sewero limodzi la Shakespeare. Mnzake wa m'kalasi adalionapo pa nsanja ndi makolo ake. Wathu akulimbana nalo pa pepala monga momwe tinkachitira ife pansi pa nyali, ngakhale kuti nsanjayo ili pafupi. Komanso pali chinthu choposa mayeso. Mwana woonera sewero amaphunzira kukhala chete pamodzi ndi anthu ena, kudikira nkhani kuti ipse, kumvera chisoni munthu yemwe sagwirizana naye, ndi kuona kuti munthu angathe kuima pamaso pa gulu n'kulankhula osanjenjemera. Ife tidaziphunzira pabwalo ndi pamoto madzulo. Iwo alibe bwalo, alibe moto, ndipo foni siingawaphunzitse zimenezi. M'mera mpoyamba.

Achiwiri ovutika ndi aluso athu omwe. Mu 2012 sewero lochokera m'buku la Jack Mapanje lofotokoza za moyo wake ku ndende ya Mikuyu, komwe adatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991, lidaseweredwa mu London muno. Aliyense adzifunse yekha ngati adapitako. Mu 2013 a Malawi Mouse Boys adaimba ku chikondwerero cha WOMAD. A Madalitso Band ndi Gasper Nali akhala akuyenda m'maiko a ku Ulaya ndi babatoni wawo, ndipo nthawi zambiri ovina kutsogolo amakhala anthu osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa. Ndipo woimba wakwathu akaitanidwa ndi ife eni, timadziwa zomwe zimachitika pakhomo: uyu akuti ndi msuweni wake, uyo akuti adaphunzira naye limodzi, winayo akudikira panja mpaka wotolera ndalama atope. Tikalowa timafika mochedwa, timayankha foni pakati pa nyimbo, ndipo theka la holo limaonera kudzera m'kagalasi ka foni. Munthu yemwe wazolowera kupita ku zisudzo amaphunzira kuti khomo limatsekedwa nthawi ikakwana ndi kuti luso limalipiridwa. Maphunziro amenewa tikuwasowa kwambiri.

Kwa abale a kumpoto, ndi kwa tonse amene tingakwanitse ulendo, pali Edinburgh m'mwezi wa August, mzinda womwe Dr Kamuzu Banda adaphunzirako za udokotala. Mu 1947, pomwe chikondwerero chachikulu cha zaluso chinkayamba mumzindawu, magulu asanu ndi atatu omwe sadaitanidwe adangofika n'kuyamba kusewera m'maholo a m'mbali. Ndimo mudabadwira chikondwerero cha Fringe, chomwe lero chimakhala ndi zionetsero zoposa 3,000 m'milungu itatu. Mumsewu wa Royal Mile mumadzaza osewera kuyambira m'mawa, ndipo pali zionetsero zambiri zomwe munthu amalowa ulele n'kuponya zomwe angathe m'chidebe potuluka. Kwaya ya Soweto Gospel Choir idatchuka kumeneko mu 2003. Mpaka lero ku Fringe kulibe komiti yosankha oyenera. Aliyense wopeza malo ndi kulipira ndalama yolembetsera amasewera. Magulu asanu ndi atatu oyamba aja sadadikire kalata yowaitana. Ife tikudikira chiyani?

Choncho tikuika pempho ili pamaso pa komiti ndi mamembala onse. Bungwe lisankhe Maloweruka awiri chilimwe chino. Loyamba tipite monga gulu ku sewero la masana ku Globe, tidzaze mbali imodzi ya bwalo lija. Lachiwiri nthambi iliyonse ipite ku nyumba ya zisudzo ya mumzinda mwake, kaya ndi Royal Exchange ku Manchester, Leeds Playhouse, Nottingham Playhouse, Curve ku Leicester, kapena Edinburgh kwa a ku Scotland. Pa thumba la zisangalalo, lomwe chaka ndi chaka limathera mu zakumwa, tipatulepo gawo logulira ana matikiti, makamaka ana a mabanja omwe angofika kumene. Tikabwerako kanyenya ayake monga mwa masiku onse, koma nyama isadagawidwe ana atifotokozere m'Chichewa zomwe aona, ngakhale Chichewa chake chikhale chothyokathyoka. Ndipo achinyamata aja tikawapepese, tiwalipirire holo, tiwapemphe aseweretsenso sewero lawo lija, ulendo uno ife titakhala kale pa mipando 4 koloko isadakwane.

Amene akutsutsana nafe alembe, kalata yathu ya nkhaniyi ndi bwalo la tonse. Amene akugwirizana nafe apereke maina kwa mlembi wa nthambi yawo mwezi uno usadathe, pakuti matikiti otsika mtengo sachedwa kutha. Opita ku Globe atenge jekete la mvula ndi nsapato zosapweteka, chifukwa maambulera saloledwa pabwalo lija.